Mwasankhidwa biomedical engineering koma mtima unali ku udokotala? Tiyeni tikambirane

Funso lafika kuchokera kwa mtsikana wina amene wangosankhidwa kumene kupita ku yunivesite. Akuti mtima wake wonse unali pa udokotala koma malo sanawapeze, ndiye amuika ku biomedical engineering. Akufunsa ngati kosi imeneyi ikufanana ndi ya udokotala, ngati masamu ake angawathe popeza iye chimene amakonda ndi biology, komanso kuti akadzamaliza adzagwira ntchito yanji. Pomaliza akuti, kodi angadzasinthe n'kupita ku udokotala pakati panjira?

Achemwali, ndiyambe ndi chimene anthu ambiri okuyamikiraniwo sakuuzani, mwina chifukwa nawonso sakuchidziwa. Kosi iyi si udokotala, ndipo si udokotala wochepa wa anthu amene malo anawasowa ayi. Ndi uinjiniya weniweni, wofanana ndi wa magetsi kapena wa makina, kungoti chimene mukugwirapo ntchito ndi thupi la munthu ndi zipangizo zimene zimalumikizidwa kuthupilo. Mukadzamaliza simudzapima odwala, simudzalembera munthu mankhwala, simudzachita opaleshoni. Mudzakhala munthu amene amapanga, amayesa, amakonza ndi kuyang'anira zinthu zimene dokotala ndi namwino amadalira tsiku ndi tsiku osaziganizira n'komwe. Ndikunena izi poyambirira chifukwa ophunzira amene amavutika kwambiri m'kosi imeneyi si amene ali ndi mutu wouma, koma ndi amene analowa akuganiza kuti azikaloweza mayina a mafupa ndi matenda, kenako sabata yoyamba yomweyo akupeza kuti pa timetable pali calculus, physics, programming ndi kujambula mapulani a makina, biology ili pakona penipeni, pena chaka choyamba chonse kulibeko.

Tengani kachipangizo kaja amakupanitsani pachala kuchipatala kuti aone kuchuluka kwa okosijeni m'magazi, pulse oximeter. Kamaoneka kachabechabe koma mkati mwakemo muli pafupifupi digiri yanu yonse. Kali ndi timagetsi tiwiri, kena kowala mofiira pa 660 nm, kena ka infrared pa 940 nm kamene maso sakaona. Magazi amene anyamula okosijeni wambiri amamwa kwambiri infrared n'kulola kuwala kofiira kudutsa, pamene magazi amene okosijeni wachepa amachita mosemphana. Vuto ndi loti chala si magazi okha, muli khungu, fupa, chikhadabo, mnofu, zonsezo zikumwanso kuwala. Injiniya wina wa ku Japan, Takuo Aoyagi wa kampani ya Nihon Kohden, ndi amene anazindikira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 kuti mbali ya kuwala imene ikusinthasintha motsatira kugunda kwa mtima ndi ya magazi a m'mitsempha yochokera kumtima basi, zina zonsezo sizisuntha, ndiye ukangotenga mbali yosinthasinthayo wathana nazo zotsalazo. Onani tsopano, kuti mumvetse kachipangizo kamodzi aka mukufunika physics ya kuwala, electronics yokuza kamphamvu kochepa kochokera pa sensa, masamu osefa signal, pulogalamu ya mu chip, ndi physiology ya magazi. Biology ilimo ndithu, koma ikubwera ngati funso, mayankho ake ndi a masamu ndi magetsi.

Ndipo nkhani ya kachipangizoka sinathere pompo. Mu 2020 ofufuza a ku University of Michigan anapeza kuti mwa odwala a khungu lakuda, zimachitika pafupifupi katatu kuposa mwa azungu kuti kamakinaka kakuonetsa nambala yabwinobwino pamene okosijeni m'magazi watsika kale moopsa. Ine nkhani imeneyi imandikhudza kwambiri, chifukwa chipangizo chinagwiritsidwa ntchito zaka zambirimbiri padziko lonse popanda anthu okwanira kufunsa mwamphamvu kuti kodi pochiyesa anachiyesera pa anthu a khungu lotani. Funso limenelo ndi la injiniya. Dokotala amakhulupirira nambala imene yatuluka pa sikirini, inu ntchito yanu ndi kudziwa kuti nambalayo yachokera kuti ndipo ndi liti pamene ikunama.

Za masamu tsopano, popeza ndi pamene mantha anu ali. Sindikunamizani, ndi ambiri, ndipo sathera chaka choyamba. Mayunivesite amasiyana, kwina digiriyi ndi ya zaka 4, kwina 5, ku England BEng ndi zaka 3 ndipo MEng ndi 4, koma msana wake ndi umodzi: calculus, linear algebra, differential equations, statistics, kenako signals and systems imene ophunzira ambiri amaiopa kuposa zonse. Chimene chimathandiza ndi kudziwa kuti masamu amenewa sakungoikidwa kuti akusefeni. Pali lamulo la Poiseuille lonena za madzi oyenda mu paipi yopyapyala, limati kuchuluka kwa madzi odutsa kumayendera kukula kwa bowo kuchulukitsa kanayi, r ku mphamvu ya 4. Ndiye kuti mtsempha kapena kachubu ka dripi kakachepa bowo ndi theka, madzi odutsa satsika ndi theka ayi, amatsika ka 16. N'chifukwa chake munthu amene wataya magazi ambiri amamuika kanula yaikulu ndi yaifupi, n'chifukwa chakenso kachubu kopumira ka mwana wakhanda kakangotsekeka pang'ono ndi mamina mwanayo amavutika kwambiri kupuma. Mukamaphunzira formula imeneyi muli ndi chithunzi cha mwanayo m'mutu, siiwalika.

Chimodzimodzi Fourier, masamu ogawa signal m'zigawo zake. Mphamvu ya magetsi imene mtima umatulutsa ikafika pakhungu imakhala pafupifupi 1 mV, yochepetsetsa, pamene mawaya a magetsi a m'nyumba akuponya phokoso lawo la 50 Hz kapena 60 Hz kutengera dziko, minofu ya wodwala nayo ikutulutsa zake akangogwedezeka, kupuma kukukweza ndi kutsitsa mzere wonse. Kuti ECG, mzere wosonyeza magetsi a mtimawo, ituluke yoyera yoti dokotala awerenge, winawake anayenera kuisiyanitsa signal ija ndi zinyalala zonsezo popanda kudula mbali imene ikusonyeza matenda, ndipo chida chake ndi Fourier yemweyo amene azidzakusowetsani tulo chaka chachiwiri kapena chachitatu. Willem Einthoven atapanga makina ake oyamba a ECG kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 ku Leiden, wodwala ankaviika manja ndi phazi m'mabeseni a madzi amchere, makinawo kudzaza chipinda. Lero zikukwana mu wotchi ya pamkono, ndipo chasintha si mtima wa munthu koma electronics ndi masamu. CT scan nayo ndi masamu okhaokha, makina amaombera X-ray kuchokera mbali zambirimbiri kenako kompyuta imawerengetsera kuti mkatimo muli chiyani. Allan Cormack, wa physics wobadwira ku South Africa, anayamba kuliganizira vutoli akuthandiza pachipatala cha Groote Schuur ku Cape Town mu 1956, Godfrey Hounsfield wa kampani ya EMI anapanga makina ake payekha ndipo wodwala woyamba anajambulidwa ku London mu 1971, awiriwa analandira Nobel ya zamankhwala mu 1979 koma palibe mwa iwo amene anali dokotala.

Ndiye kodi mungawathe? Ngati munakhoza masamu ndi physics mpaka kukusankhani kosi imeneyi, mutu muli nawo. Chimene chimagwetsa ambiri ndi kaphunziridwe. Biology ya kusekondale mumatha kuiwerenga, kuibwereza, kuiloweza, n'kukhoza. Masamu a uinjiniya sawerengedwa, amasovedwa, pensulo m'manja tsiku lililonse, ndipo mukamangoyang'ana yankho la mnzanu n'kumagwedeza mutu kuti ndamva, mayeso akadzabwera mudzapeza kuti dzanja silikudziwa poyambira. Komanso nthawi zambiri chokugwetsani mu calculus si calculus, ndi algebra ya kumbuyo, ma fraction, ma logarithm, trigonometry. Miyezi imene mwatsala nayo musanayambe sukulu, bwererani ku zimenezo mpaka zizibwera zokha.

Koma chimene ndikufuna kwambiri kuti muchigwire ndi ichi, ndipo ndikanakhala ndi mwayi wolankhula ndi aliyense wa chaka choyamba ndikananena chomwechi. Digiri ya biomedical engineering ndi yotambalala kwambiri, ndipo kutambalalako ndi ubwino wake komanso ndi msampha wake. Mudzalawa circuits pang'ono, mechanics pang'ono, materials pang'ono, programming pang'ono, anatomy pang'ono, imaging pang'ono, chilichonse n'chosangalatsa, ndipo paja amati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Mukangotsatira timetable basi osachitapo kanthu panokha, mudzatuluka mukudziwa kukamba za chilichonse koma palibe chimene mungachipange kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ndiye tsiku la intavyu kampani yopanga zipangizo zachipatala ikufuna munthu wojambula circuit board, pamzere pali inu ndi wina wa electrical engineering amene waphunzira electronics zaka zonse, akufuna wolemba software pali wa computer science, akufuna wojambula chikombole cha pulasitiki pali wa mechanical. Makampani amenewa amalemba anthu oterewa ambirimbiri, musaganize kuti dzina la digiri yanu lakusungirani malo. Olo mbiri ikunena zomwezo, Earl Bakken amene anapanga pacemaker (chipangizo chowongolera kugunda kwa mtima) ya batire yovala kunja kwa thupi mu 1957, mmodzi wa oyambitsa kampani ya Medtronic, anali injiniya wa magetsi.

Mankhwala ake ndi kusankha mzati umodzi pofika kumapeto kwa chaka chachiwiri n'kuukumba mozama mpaka muzifanana ndi amene akuphunzira chokhacho. Ngati mwakonda magetsi, pitani mozama mu electronics, ma sensa, ma microcontroller, ndipo ma elective anu muwatenge ku dipatimenti ya electrical olo atakhala ovuta. Ngati mwakonda zogwirika, ndiye mechanics, materials ndi CAD (kujambula mapulani pa kompyuta), uko ndi kwa miyendo yoikirira, zitsulo zolumikizira mafupa, mavavu a mtima, njinga za olumala. Ngati ndi kompyuta, ndiye programming yeniyeni, signal processing, zithunzi za CT ndi MRI, machine learning. Pali mbali inanso ya maselo, tissue engineering ndi zina zotero, imene anthu okonda biology ngati inu amakopeka nayo, ndi yokoma koma dziwani kuti digiri yoyamba yokha sikufikitsani patali kumeneko, pamafunika masters kapena PhD ndi labu yodula, ntchito zake zili m'malo ochepa. Mukakhala ndi mzati wanu, pamenepo physiology ndi kudziwa chipatala kuja kumasanduka chinthu chimene anzanu a electrical ndi mechanical alibe, ndipo ndi pamene digiri yanu imayamba kulemera.

Ndikupatseni chitsanzo cha chimene kudziwa thupi kumawonjezera. Injiniya wamba ukamuuza kuti apange chitsulo cholowa m'malo mwa fupa la m'chiuno adzaganiza kuti cholimba kwambiri ndiye chabwino. Koma fupa ndi lamoyo, limakula pamene likunyamula katundu ndipo limafooka pamene silikunyamula, zimene Julius Wolff anafotokoza mu 1892. Ukaika chitsulo chosapindika kwambiri kuposa fupa, chitsulocho chimalanda katundu yense, fupa lozungulira n'kuyamba kusungunuka, pakapita zaka chitsulo chija chikugwedera. John Charnley, dokotala wa mafupa wa ku England amene anayambitsa opaleshoni yamakono yosintha chiuno, poyamba anagwiritsa ntchito Teflon poganiza kuti popeza ndi yoterera ikhala bwino, koma inkaperepeseka msanga m'thupi ndipo tizidutswa take tinkatupitsa minofu, mpaka mu 1962 anasinthira ku polyethylene yolimba kwambiri imene mitundu yake ikugwirabe ntchito lero. Thupi ndi malo ofunda, onyowa, amchere, ndipo limamenyana ndi chilichonse chachilendo, ndiye kosi ya biomaterials musaitenge ngati yongodutsa.

Pali mbali ina ya ntchitoyi imene ophunzira amaiona ngati yotopetsa, ya malamulo ndi mapepala, ndipo ndikupemphani kuti inu musaipeputse. Pakati pa 1985 ndi 1987 makina ochizira khansa otchedwa Therac-25 anaombera odwala 6 ku United States ndi ku Canada radiation yochuluka kwambiri kuposa imene inafunika, ena anamwalira. Chinachitika n'choti opanga anachotsa zotetezera zogwirika zimene zinali m'makina akale n'kudalira software yokha, ndipo software ija inali ndi vuto limene linkaoneka pokhapokha woyendetsa makina akataipa mofulumira kwambiri posintha zimene walowetsa. Palibe amene anafuna kupha munthu. Pofuna kupewa ngozi zotere kuli malamulo monga IEC 60601 ya chitetezo cha zipangizo zamagetsi zachipatala, ISO 14971 ya kusanthula zoopsa, ISO 13485 ya dongosolo la kapangidwe, IEC 62304 ya software. Mwachitsanzo chipangizo chimene waya wake ukukafika kumtima weniweni, magetsi othawa ololedwa kudutsa mwa wodwala ndi 10 microamp basi zonse zikakhala bwino, mphamvu yoti pakhungu simungaimve n'komwe, chifukwa ikalowera mwachindunji mumtima yochepa kwambiri imatha kusokoneza kagundidwe. Ku United States bungwe la FDA limagawa zipangizo m'magulu 3 kutengera kuopsa kwake, ku European Union kuli lamulo la MDR la 2017, ndipo dziko lililonse lili ndi njira yake. Wophunzira amene akutuluka akudziwa kulemba risk analysis ndi test report yooneka bwino amapeza ntchito msanga kuposa mmene ambiri amaganizira, chifukwa mbali yaikulu ya kupanga chipangizo chachipatala ndi kutsimikizira ndi umboni kuti sichivulaza munthu.

Nanga ntchito zake? Njira imene ambiri amalowera ndi ya m'chipatala momwemo, clinical engineering. Anthu amaipeputsa kuti ndi kukonza makina basi, koma lowani mu wodi ya ana obadwa masiku asanakwane muone mmene moyo wawo ukudalira incubator, CPAP (makina othandiza kupuma) ndi oxygen concentrator. Concentrator ija imakoka mpweya wamba umene uli ndi okosijeni 21% ndi nayitrojeni 78%, n'kuupanikiza m'mabotolo awiri a zeolite amene amagwira nayitrojeni mosinthana, kutulutsa okosijeni woposa 90%. Fyuluta ikatsekeka ndi fumbi kapena chinyezi chikalowa mu zeolite, makina amapitiriza kulira bwinobwino, kampira ka flowmeter kali m'mwamba, namwino akuona ngati zonse zili bwino, koma chimene chikutuluka ndi mpweya wosasiyana kwenikweni ndi wa m'chipindamo. Amene angazindikire ndi munthu amene wabwera ndi oxygen analyser n'kuyeza, ndipo amene anakonza ndondomeko yoti kuyezako kuzichitika nthawi ndi nthawi ndi injiniya. Autoclave, makina ophera tizilombo pa zida ndi nthunzi, chimodzimodzi, ikulemba 121 °C kapena 134 °C pa sikirini, koma ngati mpweya sunatuluke wonse mkatimo nthunzi sifika pakati pa phukusi la zida, ndipo zida zija zikupita kuthiyeta zili ndi tizilombo.

Ndiye ntchito ya injiniya m'chipatala si sikuludiraiva yokha. Ndi kusunga kaundula wa makina onse, kukonza ndandanda ya service, calibration, kuphunzitsa ogwiritsa ntchito, kufufuza pakachitika ngozi, ndipo chachikulu kwambiri kukhala pagome pamene akugula makina atsopano n'kufunsa mafunso amene ena onse amaiwala: masipeya ake apezeka kuti ndipo kwa zaka zingati, service manual atipatsa kapena ayi, ma consumable ake ndi a kampani imodzi yokha, akufuna magetsi ndi madzi otani, akawonongeka abwera ndani. Zipatala zambiri padziko lapansi zili ndi zipinda zodzaza makina abwinobwino amene anagulidwa kapena kuperekedwa ngati mphatso popanda wofunsa mafunso amenewa. Ndipo pamenepa ndikuuzeni, mukadzapita ku atachimenti mudzakumana ndi matekinishani amene alibe digiri koma amadziwa vuto la suction machine pongomva kulira kwake. Mudzawalemekeze ndi kuwatsatira paliponse, zimene ali nazo m'manja mwawo m'kalasi mulibe. Anamwinonso mudzawamvetsere, iwo ndi amene amadziwa alamu imene imalira pachabe mpaka anthu anasiya kuimva, ndi batani limene aliyense amalidina molakwika usiku atatopa.

Kupatula chipatala, pali makampani ogulitsa ndi kusamalira makina akuluakulu ngati Siemens Healthineers, GE HealthCare ndi Philips kapena maejenti awo, kumene mumakhala service engineer woyendayenda kapena wophunzitsa madokotala kagwiritsidwe ntchito ka makina. Pali mafakitale opanga zipangizo, mbali ya design, testing, quality ndi regulatory. Pali mabungwe a boma oona za chitetezo cha zipangizo, pali kafukufuku ndi kuphunzitsa. Chimene muyenera kudziwa n'choti ntchito zopanga zipangizo zatsopano zimaunjikana kumene kuli mafakitale ake, ndipo kumadera ambiri zochuluka ndi za kusamalira, kugula ndi kuyang'anira. Ichi ndi chifukwa chinanso chokhalira ndi mzati uja, munthu wodziwa embedded systems kapena data bwinobwino sasowa kolowera olo kunja kwa zachipatala.

Pali zinthu zoti muyambe panopa osadikira aphunzitsi. Phunzirani programming ya Python, n'zaulere pa intaneti, ndipo mukangodziwa pang'ono pitani pa PhysioNet, kumene kuli ma ECG enieni a anthu monga MIT-BIH Arrhythmia Database, mutsitse imodzi, muijambule, muyese kulemba kapulogalamu kowerenga kugunda kwa mtima. Kadzalakwitsa, ndipo pofufuza chifukwa chimene kakulakwitsira mudzaphunzira zambiri kuposa semesita yonse ya manotsi. Mukapeza mwayi wa Arduino (kabodi ka microcontroller kophunzirira), multimeter ndi soldering iron, gwirani, pangani thermometer, pangani kowerenga kugunda kwa mtima pachala, masulani zinthu zakufa muone mkati. Chenjezo limodzi lokha ndipo ndikunenetsa: chilichonse chimene mwapanga nokha chokhala ndi mawaya okhudza thupi chiziyendera batire, musadzilumikize nacho chili cholumikizidwa ku laputopu imene ili pa chaja kapena ku chilichonse cha kusoketi.

China, popeza ndinu mtsikana ndipo m'makalasi ambiri a uinjiniya anyamata amachuluka. Pa ntchito za m'magulu ku labu pamakhala kachizolowezi koti anyamata athamangira zida, mtsikana amupatsa cholembera kuti azilemba manambala ndi lipoti poti amalemba bwino. Zimaoneka zazing'ono koma zikachitika semesita iliyonse mumafika chaka chomaliza musanagwirepo oscilloscope nokha. Muzikana mwaulemu, muziti lero ndilumikiza ndine, lipoti tilemba mosinthana. Kulemba bwino kudzakuthandizani kwambiri pantchito, koma kukhale kowonjezera pa manja odziwa.

Pulojekiti ya chaka chomaliza musadzaisankhe chifukwa choti mutu wake ukumveka waukulu. Ophunzira ambiri amalota mtima wochita kupanga kapena dzanja loyenda ndi maganizo, mapeto ake amapereka zithunzi za pa PowerPoint. Bola vuto laling'ono limene namwino kapena physiotherapist wakuuzani ndi pakamwa pake, mulipangire chinthu chogwira ntchito, muchiyese, mulembe pamene chikulephera. Willem Kolff anapanga makina oyamba otsuka magazi a odwala impso mu 1943 ku Netherlands, nkhondo ili mkati, ndi zinthu zimene anatha kuzipeza, ndipo odwala oyambirira sanapulumuke, mpaka mu 1945 pamene mayi wina anachira. Chimene olemba ntchito amafuna kumva ndi choti munapanga chiyani, chinakanika pati, ndipo munachita chiyani chitakanika.

Tifike pa funso lanu lomaliza, losinthira ku udokotala. Zimatengera dziko ndi sukulu. Ku United States ndi ku Canada udokotala kawirikawiri umaphunziridwa munthu atamaliza kale digiri ina, ndiye kumeneko biomedical engineering ndi imodzi mwa njira zodziwika, bola utenge makosi ofunikira a chemistry ndi biology, ndipo sukulu zambiri zimafuna mayeso a MCAT. M'mayiko amene udokotala umayambira pochoka kusekondale, kusintha pakati panjira n'kovuta, malo amakhala ochepa, ndipo nthawi zambiri umayambiranso chaka choyamba chifukwa makosi a uinjiniya sawerengedwa, kwina kuli graduate entry ya amene ali kale ndi digiri. Musadalire zomva kwa anzanu, pitani ku ofesi ya registrar mukafunse malamulo olembedwa, kuti chimafunika n'chiyani ndipo zimatheka chaka chiti. Ndipo dziwani kuti magiredi a uinjiniya savuta kutsika, ndiye ngati cholinga ndi kudzapikisana polowa udokotala ndi magiredi, kosi iyi si njira yofewa.

Maganizo anga ndi oti muipatse chaka choyamba ndi mtima wonse, osati mwendo umodzi mkati wina kunja. Mukafika kumapeto kwa chakacho mudzifunse moona mtima, kodi pamene circuit inakana kugwira ntchito ndinafuna kudziwa chifukwa chake kapena ndinangofuna kuti ithe? Ngati chimene mukulakalaka ndi kukhala pafupi ndi wodwala, kumugwira, kumumvera, kumuona akuchira, ndipo makina sakukukokani olo pang'ono, palibe chamanyazi kusintha, ndipo si udokotala wokha umene ulipo, kuli radiography, physiotherapy, prosthetics and orthotics, medical laboratory science, pharmacy, unamwino, zina mwa izo zili pakati penipeni pa wodwala ndi makina. Koma kukhala zaka 4 kapena 5 m'kalasi ya uinjiniya mukudziona ngati dokotala wodikira basi, zimenezo ndiye ndikukuletsani, chifukwa mudzatuluka opanda uinjiniya m'manja ndipo udokotala simunaupeze.

Sabata yoyamba mukafika, kafunseni ku dipatimenti ngati digiriyo ndi yovomerezedwa ndi bungwe la mainjiniya la dziko lanu, chifukwa zimenezo zidzakhudza kulembetsa kwanu ngati injiniya, ndipo ngati mukuganiza zodzagwira ntchito kunja mufunsenso ngati ikuzindikirika pansi pa Washington Accord, mgwirizano wa 1989 umene mayiko amavomerezerana madigiri a uinjiniya, ku United States ovomereza ake ndi ABET. Mufunse kuti atachimenti ndi ya miyezi ingati ndipo malo amakupezerani kapena mumadzipezera, ngati mumaloledwa kutenga ma elective ku electrical, mechanical kapena computer science, ndi nthawi imene labu imakhala yotsegula kunja kwa makalasi. Kenako pezani awiri kapena atatu a chaka chomaliza muwafunse kuti amene anamaliza chaka chatha ali kuti panopa ndipo akugwira ntchito yanji.